NKHUKU YOSOKERA NDI MLENDO: MUSAFULUMIRE KUILOWETSA M'KHOLA

Ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue, nyumba ziri pafupi-pafupi, ndipo nkhuku sizidziwa malire a mabwalo. M'mawa zimatuluka kukapalasa, madzulo zina zimabwerera ndi mnzao wacilendo. Ndiponso mseu waukulu wopita ku Lusaka umadutsa m'tauni imeneyi, ndipo amalonda amanyamula nkhuku tsiku ndi tsiku pa njinga, pa mabasi ndi pa malole. Imodzi ikamasula cingwe, imathawira pa khomo liri lonse pamene yaona gaga.

Amai ena a m'komboni imeneyi anandifotokozera zimene zinawagwera m'nyengo yotentha. Tsiku lina madzulo anaona msoti wakuda, wonenepa bwino, ulikudya pamodzi ndi nkhuku zao 14. Iwo anayesa mwai, nautsekera m'khola usiku womwewo. Patapita masiku anai msoti uja unayamba kuodzera. Milungu iwiri isanathe anatsala ndi nkhuku ziwiri zokha. Nkhuku za anansi ao zinafanso, ndipo mpaka lero ena sawalonjera bwino. Akuluakulu anati cakudza siciimba ng'oma.

YAMBANI MWAFUNA MWINI WACE

Nkhuku iri yonse iri ndi mwini. Munthu amene aibisa m'khola mwakacetecete angathe kuchedwa mbala ngakhale analibe mtima wakuba. Cotero funsani anansi, uzani wapampando wa dera lanu, kapena mfumu ngati muli kumudzi, kuti pakhale mboni. Mwini akapezeka, mubwezereni. Ngati sapezeka, ndipo akulu akulolani kuisunga, apo ndipo iyambira nchito imene tifuna kufotokoza.

MDANI WOSAONEKA

Nthenda yoopsa koposa pa nkhuku za kumudzi ndi citopa, imene ena amati cideru. Azungu anaicha Newcastle cifukwa ca mzinda wa ku England kumene inaoneka m'caka ca 1926, caka comweco cimene inaonekanso pa cisumbu ca Java. Imayamba ndi kacirombo kosaoneka ndi maso, kamene kamayenda m'zitosi, m'mamina ndi m'mpweya wa nkhuku yodwala. Kamakweranso pa nsapato, pa madengu ndi pa manja a munthu.

Coopsa cace ndi ici: nkhuku imene yatenga kacirombo sioneka yodwala pomwepo. Pamapita masiku awiri kufikira 15, kawirikawiri asanu kapena asanu ndi limodzi, zizindikiro zisanaoneke. Ndiye cifukwa cace msoti wa amai aja unaoneka wamoyo pa tsiku loyamba. Abakha ndiwo aposa, pakuti angathe kunyamula nthenda iwo eni osadwala konse.

Nkhuku ya citopa imagwetsa mapiko ngati yabvala jekete, imaodzera, imapuma mobanika, imatsegula m'mimba zobiriwira, ndipo nthawi zina khosi limapotoka. Ikadwala palibe mankhwala oiciritsa. Makapisozi amene anthu amasungunula m'madzi sapha kacirombo aka; kumeneko ndi kutaya ndalama cabe. Kuonjezera pa citopa, mlendo angabweretsenso nthomba ya nkhuku, cimfine, utitiri, nsabwe ndi njoka za m'mimba.

MASIKU 30 PA YOKHA

Njira yotetezera khola lanu siifuna ndalama, ifuna kudekha. Ikani nkhuku yacilendo pa yokha, m'kakhola kapena pansi pa dengu lalikulu, pa mthunzi, kutali ndi nkhuku zanu mamita 10 kapena kuposa. Ngati bwalo ndi laling'ono monga mabwalo ambiri a ku Nangongwe, iikeni kuseri kwa nyumba kumene zinzace sizifika. Ikhale komweko masiku osacepera 21, koma masiku 30 ndiwo abwino koposa.

Ikhale ndi mbale yace ya cakudya ndi yace ya madzi. Tsiku liri lonse yambani kudyetsa nkhuku zanu, ndipo mlendo akhale wotsiriza. Mukatha, sambani m'manja ndi sopo ndi kupukuta nsapato. Zitosi zace musazithire m'dimba mmene nkhuku zipalasa. Zikwirireni kapena zitentheni. Ana auzidwe kuti asamaseweretse nkhukuyo, pakuti ndiwo amayenda m'khola ndi m'khola.

Pa masiku amenewa muiyang'anire bwino. Kodi ilikudya? Kodi maso ndi oyera, m'mphuno mouma? Kodi lipombo liribe zipsera? Tukulani mapiko ndi kuyang'ana pansi pa mcira kumene nsabwe zimabisala. Utitiri umamatirira pa nkhope, kuzungulira maso. Upakeni mafuta a Vaseline ndipo udzafa. Miyendo yokakala ipakidwenso mafuta omwewo. Muiikire phulusa losanganiza ndi mcenga kuti izisamba. Za mankhwala a njoka za m'mimba funsani alangizi a ziweto.

KATEMERA

Ikatha milungu iwiri iri yamoyo, ipatseni katemera wa citopa. Alipo katemera wochedwa LaSota, amene afunika kusungidwa pozizira nthawi zonse. Aliponso wina wochedwa I-2, amene anakonzedwa ku Australia kuti athandize alimi a kumidzi, pakuti apirira kutentha koposa anzace. Ameneyu amadonthezedwa dontho limodzi m'diso la nkhuku iri yonse, yaikulu kapena mwanapiye, ndipo amabwerezedwa pa miyezi itatu kapena inai iri yonse. Funsani ku ofesi ya Vetenale ya m'boma lanu kuti akuuzeni amene alipo. Mphamvu ya katemera imakhwima patapita mlungu umodzi kapena iwiri, cotero ngati nkhuku zanu sizinalandire, zipatseni nthawi yomweyo. Nkhuku yodwala kale siipatsidwa katemera.

Mlendo akadwala kapena kufa m'kati mwa masiku awa, musamudye ndiponso musathamange naye kumsika. Kugulitsa nkhuku yodwala ndiko kumene kumafalitsa citopa m'midzi. Mukwirireni m'dzenje lakuya limene agalu sangafukule, tenthani dengu ndi udzu umene anagonapo, ndipo dziwitsani alangizi a ziweto.

TSIKU LOLOWA M'KHOLA

Masiku 30 akatha bwino, musaiponye pakati pa zinzace mwadzidzidzi. Nkhuku ziri ndi ukulu wao: iri yonse idziwa imene iyenera kuiopa ndi imene ingaijomphe. Mlendo alibe malo, cotero zonse zimamuukira.

Poyamba ikani dengu lija pakati pa bwalo masiku atatu kapena asanu, kuti zizionana popanda kukhudzana. Pambuyo pace iloweni m'khola kutada, zinzace zitagona, pakuti nkhuku siziona bwino mumdima ndipo sizimenyana. M'mawa khalani pafupi. Mwazani gaga malo awiri kapena atatu, ndi madzi comweco, kuti yacilendo isamanidwe. Kujomphana pang'ono ndi mwambo wao, ndipo kumatha m'masiku owerengeka. Koma mukaona magazi icotseni msanga, popeza nkhuku zikaona cofiira sizileka kujompha. Ikacira yesaninso.

Musaisanganize ndi thadzi la anapiye, cifukwa limakhala laukali. Ngati yosokerayo ndi tambala ndipo muli naye kale wanu, pa bwalo laling'ono sadzamvana. Ndi bwino kusankha mmodzi, winayo akhale ndiwo za alendo.

CUMA CA PAKHOMO

Ena adzati zonsezi zacuruka cifukwa ca nkhuku imodzi. Koma taganizani cimene nkhuku iri pa banja. Kucokera m'caka ca 2022 ana aphunzira kwaulere m'masukulu a Boma, komabe yunifomu, makope ndi nsapato zifuna ndalama, ndipo m'mabanja ambiri ndalamazo zicokera m'khola. Mwana akadwala usiku, nkhuku ndiyo ilipira galimoto. Apongozi akafika, nkhuku ndiyo icotsa manyazi.

Amai aja a ku Nangongwe ayambanso kuweta, ndipo tsopano ali ndi kakhola kaciwiri kuseri kwa nyumba. Nkhuku iri yonse yatsopano, kaya yogula kumsika, kaya yopatsidwa ndi abale a kumudzi, imayamba yagona mmenemo mwezi wathunthu. Inunso alimi anzathu, mangani kakhola kotere mlendo asanafike, ndipo uzani anansi anu acite cimodzimodzi, pakuti nkhuku zanu ndi zao zipalasa pa dzala limodzi. Kuona maso a nkhono nkudekha.