Zimene Wailesi Singamuchitire Mkhristu

Ku Balaka kuli Luntha TV ya ansembe a Montfort, ndipo ku Mangochi kuli Radio Maria Malawi, yomwe inayamba kuulutsa mawu mu 1999. Munthu wa ku Ulongwe, ku Phalula kapena ku Ntaja atha kumvera Misa, ulaliki ndi nyimbo za kwaya ali pakhonde pake. Pafoni napo pamabwera alaliki osawerengeka, ena a ku Nigeria, ena a ku Joni. N'chifukwa chake achinyamata ambiri ayamba kufunsa kuti, popeza Mulungu ali paliponse ndipo Mawu ake akundipeza m'nyumba, ndivutikirenji kuyenda mtunda wautali dzuwa likuswa mtengo?

Funso limeneli si lachibwana. Kwa gogo amene miyendo inaleka, kapena wodwala amene wagonekedwa kuchipatala ku Liwonde, wailesi ndi dalitso lalikulu. Koma kwa ife oyenda ndi miyendo yathu, yankho likupezeka tikaona mmene Chikhristu chakulira kuno kwathu, ndi zimene zachitikira anzathu akunja.

Ansembe a Montfort anafika ku Nzama mu 1901, ndipo mu 1908 anatsegula mishoni ya Utale, m'dera limene lero ndi boma la Balaka. Kuyambira nthawi imeneyo ansembe sanakwanepo. Parishi imodzi imakhala ndi matchalitchi ambiri akumidzi, moti ena amatha masabata angapo osamuona wansembe. Komabe Lamulungu lililonse zitseko zimatsegulidwa, katekisiti kapena mtsogoleri wa tchalitchi n'kuyambitsa mapemphero. Mu 1973, ndiponso mu 1976, maepiskopi a Katolika a m'maiko a kum'mawa kwa Africa, m'bungwe lawo la AMECEA, anagwirizana kuti mpingo uzikike pa timagulu ta mabanja oyandikana, ndipo ku Malawi kuno Episkopi Patrick Kalilombe wa ku Lilongwe anali patsogolo pa ntchitoyi. Umu ndi mmene inakhazikikira miphakati, imene ena amaitcha malimana. A CCAP ali ndi mapemphero a m'milaga ndi amayi a Mvano, pamene a Anglican ali ndi Mothers' Union.

Pamphakati anthu amakhala pamphasa pakhomo pa mnzawo, amawerenga Uthenga Wabwino, aliyense n'kunena zimene wamvapo. Zikatha izi pamabwera nkhani zimene wolalikira pafoni sangazidziwe: mayi uje wadwala ndipo munda wake sunapaliridwe, banja lakuti lagwedezeka, mwana wakuti wasiya sukulu. Maliro akagwa, amayi a mpingo amachezera kuimba pasiwa, ena akutunga madzi, ena akutola ufa ndi nkhuni khomo ndi khomo. Madera athu ano amadziwa chilala, ndipo mu 2023 analawa namondwe wa Freddy. Pa nthawi zoterezi thandizo la boma ndi la mabungwe limatenga masiku kuti lifike, pomwe mnzako wamumpingo amafika tsiku lomwelo. Mphatso za anthu nazo zimakulira pagulu. Alleluya Band inabadwa mu 1978 pakati pa achinyamata a parishi ya Balaka, ndipo m'menemo ndi mmene anakulira Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius, amene nyimbo zawo zinamveka dziko lonse.

Ku Machinga Akhristu ali ndi aphunzitsi ena pafupi. Ambiri m'bomali ndi Asilamu, ndipo Lachisanu masana munthu amatseka okala yake, wina amaimika njinga yake ya kabaza, onse n'kulunjika kumzikiti kukaima phewa ndi phewa, wolemera ndi wosauka pamzere umodzi. Mkhristu woona zimenezi sabata ndi sabata amakumbutsidwa kuti kupembedza kumafuna thupi la munthu lifike pamalo, osati mtima wokha.

Tsopano tiwoloke nyanja. Ku England ndi ku Wales, kalembera wa 2021 anapeza kuti odzitcha Akhristu ndi 46 pa anthu 100 alionse, pamene mu 2011 anali 59. Ku America, bungwe la Gallup linapeza mu 2020 kuti akuluakulu amene ali mamembala a tchalitchi, sunagoge kapena mzikiti atsika kufika pa 47 pa 100 alionse, kuchoka pa 70 mu 1999. Mu 1994 katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Grace Davie, anafotokoza kuti ambiri ku Britain anali akukhulupirirabe Mulungu ngakhale anasiya kusonkhana. Kalembera wa zaka zotsatira akusonyeza kumene njirayi yalowera. Kholo likhoza kusunga chikhulupiriro mumtima popanda tchalitchi, poti linachiphunzira kutchalitchi komweko lili mwana. Koma mwana wake, amene sanaimbepo mukwaya kapena kukhalapo pakalasi ya ubatizo, achiphunzira kuti? Matchalitchi ambiri kumeneko agulitsidwa n'kusandutsidwa nyumba zogona kapena malo odyera.

M'maiko omwewa kusungulumwa kwafika pokhala nkhani ya boma. Mu 2018 Britain inasankha nduna yoona za vutoli, ndipo mu 2023 mkulu wa zaumoyo ku America, Vivek Murthy, anachenjeza kuti kukhala wekha kukudwalitsa anthu. Zifukwa zake n'zambiri, monga ntchito, kusamukasamuka ndi kuchepa kwa mabanja, choncho sitinganene kuti kusiya tchalitchi ndiye gwero lokhalo. Komabe n'zoonekeratu kuti chimene maboma olemerawa akufunafuna ndi ndalama zambiri, amayi a ku Nsanama amachichita sabata iliyonse popanda malipiro.

Japan ikutiphunzitsa mbali inayo. Mu 1614 olamulira analetsa Chikhristu, ansembe anathamangitsidwa, ena anaphedwa. Kwa zaka zoposa 200 Akhristu a m'midzi yozungulira Nagasaki analibe wansembe kapena tchalitchi. Anadzigawira ntchito mwachinsinsi: wina ankasunga kalendala ya masiku oyera, wina ankabatiza ana, wina ankafikitsa mauthenga m'makomo. Mu 1865 anthu a ku Urakami anafika patchalitchi cha Oura n'kudziulula kwa Bambo Bernard Petitjean kuti iwo ndi Akhristu. Chikhulupiriro chinadutsa mibadwo yonseyo popanda guwa, popeza panali gulu lochisunga. Ku England kuli ufulu wonse, Baibulo lili pafoni, nyumba zopemphereramo zilipo, koma chikhulupiriro chikuzilala kumene kusonkhana kwatha.

Izi zisatichititse kudzitama, pakuti kusonkhana kwathu kuli ndi zilonda zake. Alipo amene amasunga khadi la mpingo n'cholinga choti adzawaimbire pamaliro basi. Alipo osauka amene anasiya kubwera chifukwa cha manyazi, poti Lamulungu lililonse pali chopereka chatsopano ndipo maina a opereka amawerengedwa mokweza. Alipo amene anaulula vuto lawo pamphakati, mawa lake n'kulimva kumjigo. Ku Ulaya ochepa amene atsala m'matchalitchi amapita mwa kufuna kwawo, popanda kuopa zonena za anthu, ndipo pamenepo tili ndi choti titengerepo. Mpingo umene umayang'ana kaye m'kaundula wa zopereka usanapite kukatonthoza anamfedwa ukukankhira anthu ake kwa alaliki a pafoni.

Koma zilonda zomwezi zikuonetsa chifukwa chachikulu chimene Mkhristu amafunira anzake. Zimene Yesu analamula, monga kukhululuka, kupirira, kudyetsa wanjala ndi kuyendera wodwala, sizitheka munthu ali yekha. Kuti ukhululuke pafunika wina wokulakwira, ndipo kuti udzichepetse pafunika wina wokudzudzula. Wolalikira pafoni ukhoza kumuzimitsa akanena zokupweteka, koma mkulu wa mpingo amene amadziwa dzina lako, mkazi wako ndi ngongole zako sungamuthawe chotero. Ubatizo munthu sadzipatsa yekha, Mgonero wa Ambuye sadya yekha, ndipo ngakhale pemphero limene Ambuye anaphunzitsa limayankhula m'malo mwa ambiri. Paja mutu umodzi susenza denga.

Mu 2020, boma litachepetsa chiwerengero cha anthu osonkhana chifukwa cha Covid-19, tonse tinadalira wailesi ndi kanema, ndipo zinatithandiza. Koma anthu sanakhutire nazo, moti malamulo atafewetsedwa anabwerera m'matchalitchi. Ntchito imene ili patsogolo pa miphakati, milaga ndi magulu a amayi ku Balaka ndi ku Machinga ndi yoti aone amene sakubweranso, amulondole kwawo, amufunse chimene chinamubweza, ndipo akachimva achikonze, ngakhale chitakhala chokhudza zopereka kapena atsogoleri enieniwo.