Kodi sukulu ya mpira ya ana ingapindulitse kalabu yaing'ono ya ku Chipata?

Makalabu ang'onoang'ono a mpira wa miyendo mu Chipata ndi m'maboma ozungulira amakumana ndi funso limodzi pamene komiti ikhala pansi kuwerengera ndalama za caka. Funsolo ndi lakuti, kodi n'kwanzeru kusunga timu ya ana, imene ambiri amaicha akademi, pamene ndalama zoyendetsera timu ya akuluakulu nazonso n'zosakwanira? Ena amati ana ndiwo cuma ca kalabu, koma ena amaona ngati kutaya ndalama pa mbewu imene adzakolola ndi anthu ena.

Amene amadandaula ndi ndalama ali ndi mfundo. Malamulo a bungwe la FIFA salola kuti mwana wosakwana zaka 18 asamutsidwe kukasewera kudziko lina, kupatulapo pa zifukwa zocepa. Motero mnyamata amene wayamba kuphunzitsidwa ali ndi zaka 12 adzakhala m'manja mwa kalabu zaka zisanu ndi cimodzi msika wakunja usanatseguke. Pa nthawi yonseyo pafunika mipira, majezi, nsapato, cakudya pa tsiku la masewera, mankhwala akavulala, ndiponso kangacepe ka mphunzitsi, amene nayenso ali ndi banja lofuna kudya. Cimene cimadya ndalama kwambiri kuno kum'mawa ndi mayendedwe. Kukasewera ku Katete, ku Petauke kapena ku Lundazi kufuna minibasi ndi mafuta, ndipo Lusaka, kumene ana angaonedwe ndi makalabu akuluakulu, ali pa mtunda wa makilomita oposa 550 pa mseu wa Great East.

Amene amafuna akademi amaloza ku Kafue Celtic, kalabu yaing'ono imene inalera Patson Daka ndi Enock Mwepu. Awiriwa anali m'timu ya Zambia ya anyamata osakwana zaka 20 imene inatenga cikho ca Africa mu March 2017, itagonjetsa Senegal ndi zigoli ziwiri kwa ziro pa bwalo la National Heroes mu Lusaka. Onse anapita ku Red Bull Salzburg ku Austria, ndipo mu 2021 Daka anagulidwa ndi Leicester City pa mtengo umene malipoti anati unali pafupifupi mapaundi 23 miliyoni, pamene Mwepu anapita ku Brighton pa mapaundi pafupifupi 18 miliyoni.

Kuti timvetse zimene kalabu yolera ana imapezapo pa malonda otere, tiyenera kuona malamulo a FIFA amene anayamba kugwira nchito mu 2001. Pali malipiro a mitundu iwiri. Oyamba ndi cipukuta misozi ca maphunziro. Kalabu yakunja imene yapatsa mnyamata pangano lake loyamba la mpira wolipidwa imabweza ndalama ku makalabu amene anamuphunzitsa kuyambira caka cimene anakwanitsa zaka 12. Ndalamazi zimawerengedwa molingana ndi msinkhu wa kalabu yogula. Ku Ulaya, pa zaka za pakati pa 12 ndi 15 mtengo ndi mayuro 10,000 pa caka, ndipo pa zaka zotsatira ungafike mayuro 90,000 pa caka ngati wogula ali m'gulu la makalabu apamwamba. Malipirowa amatha wosewera akapitirira zaka 23.

Aciwiri ndi gawo la pa mtengo wogulira wosewera. Pamene wosewera wagulitsidwa ku kalabu yakunja pangano lake lisanathe, maperesenti asanu a mtengowo amagawidwa ku makalabu onse amene anamulera pakati pa zaka 12 ndi 23. Caka ciliconse ca pakati pa 12 ndi 15 cimapatsa kalabu kota ya peresenti imodzi, ndipo caka ciliconse ca pakati pa 16 ndi 23 cimapatsa theka la peresenti. Mwacitsanzo, kalabu ya ku Chipata imene inasunga mwana zaka zinayi zoyambazo ingalandire peresenti imodzi yokha. Wosewerayo akagulidwa pa madola 1 miliyoni, kalabu ipeza madola 10,000. Akagulidwa pa mtengo wonga wa Daka, ipeza mapaundi oposa 200,000. Ndalama zoterezi zingasinthe kalabu yaing'ono, koma osewera ofika pa mtengo umenewo m'Zambia yonse tingawawerenge ndi zala za dzanja limodzi.

Nkhani ya Fashion Sakala ndiyo imatikhudza kwambiri ife a kum'mawa. Iye anabadwira m'dera la Chipata mu 1997 ndipo anakulira kumudzi, koma dziko linamudziwa atapita ku Nchanga Rangers ku Chingola, kutali kwambiri ndi kwawo. Kucokera kumeneko anasewera ku Zanaco, kenako mu 2017 anapita ku Spartak Moscow ku Russia, ndipo mu 2018 ku Oostende ku Belgium. Pamene anapita ku Rangers ya ku Scotland mu 2021, pangano lake ndi Oostende linali litatha, conco panalibe mtengo wogulira. Popanda mtengo palibenso maperesenti asanu ogawana, ndipo pa zaka 24 nthawi ya cipukuta misozi ca maphunziro inali itapita. Ulendo waukulu wotere sunabweretse kanthu kwa amene anamulera. Mtengo unadzaoneka mu 2023 pamene anagulitsidwa ku Al-Fayha ya ku Saudi Arabia.

Nayenso Mwepu anasiya mpira mu October 2022 ali ndi zaka 24 zokha, madokotala atamupeza ndi matenda a mtima. Kalabu imene iika ciyembekezo cake conse pa kugulitsa katswiri mmodzi ili ngati mlimi wotenga ngongole ya feteleza podalira mvula imene sanaione.

Pali cinthu cina cosadula cimene makalabu ang'onoang'ono sayenera kucinyalanyaza, ndico kulembetsa ana ku bungwe la FAZ. Kuyambira mu November 2022, FIFA ili ndi ofesi ku Paris yochedwa Clearing House, imene imalandira ndalamazi kucokera kwa ogula ndi kuzitumiza ku makalabu olera. Ofesiyi imatsatira mbiri ya wosewera yolembedwa pa kompyuta, yoonetsa kalabu imene anali caka ndi caka. Mphunzitsi angathe kukhala ndi mwana zaka zinayi, kumugulira nsapato ndi kumudyetsa pakhomo pake, koma ngati dzina la kalabu mulibe m'mbiri imeneyo, sangalandire ngakhale ngwee imodzi. Vuto ndi lakuti ana ambiri a m'midzi alibe cikalata ca kubadwa, ndipo citupa ca NRC munthu amatenga akakwanitsa zaka 16. Conco nchito ya mlembi wa kalabu, yoyenda kwa makolo ndi kwa aphunzitsi aakulu a sukulu kukasonkhanitsa mapepala a ana, ndi yofunika mofanana ndi ya mphunzitsi wa pabwalo.

Tikaika zonsezi pa sikelo, akademi ndi yoyenera kwa kalabu ya ku Chipata ngati ili yaing'ono molingana ndi thumba. Phindu lake lodalirika lili pafupi. Mnyamata amene wakulira m'kalabu amalowa m'timu ya akuluakulu popanda kugulidwa, amagona kwa makolo ake m'malo mofuna nyumba ya lendi, ndipo abale ndi anansi ake amabwera pa bwalo la David Kaunda kudzamuonerera. Kalabu ingacepetsenso ndalama pogwirizana ndi sukulu ya pafupi kuti igwiritse nchito bwalo lake, ndi posewera ndi matimu a mumzinda momwemo kusiyana ndi kuyenda maulendo ataliatali sabata iliyonse. Magulu awiri okha, la osakwana zaka 15 ndi la osakwana zaka 17, angakwanire pa ciyambi, malinga ngati mwana aliyense walembetsedwa ku FAZ m'caka cimene wayamba kusewera.