Musanagule pikapu yakale, yang'anani bwino

Alimi ambiri a ku Angónia ndi ku Tsangano amalakalaka pikapu yonyamulira mbatata kupita ku Tete. Yatsopano ndi yodula, conco ambiri amagula yakale. Koma abale, penti yowala isakunamizeni.

Pitani m'mawa, injini isanatenthe, ndipo mutenge makaniko amene mumamukhulupirira. Akailiza, yang'anani utsi. Utsi wabuluu ukusonyeza kuti injini ikudya oilo. Utsi woyera wosatha ukusonyeza kuti madzi akulowa mu injini. Kukonza zimenezi kumadya ndalama zambiri.

Gwadani, muone kunsi. Kodi chasisi ili ndi dzimbiri? Kodi oilo akudontha? Kenako yendetsani pokwera, muyese mabuleki.

Pemphani livrete. Nambala ya chasisi yolembedwa m'menemo ifanane ndi ya pagalimoto. Ngati zasiyana, musalipire, ngakhale mtengo utsike bwanji.

Mukagula, tinchito tina mungathe nokha. Onani oilo ndi madzi musananyamuke. Misewu yathu ndi yafumbi, ndiye muzitsuka sefa ya mpweya kawirikawiri. Galimoto ikakana kulira, yambani mwapukuta mitu ya batire n'kuimanga bwino. Koma musatsegule radiyeta injini ili yotentha: madzi ake angakuwauleni.