Thupi likalemera, ntchito imatha msanga

Kwathu kuno munthu akanenepa timati zinthu zikumuyendera. Mayi akabwera kuchokera ku tauni atadzaza thupi, anzake amamuyamikira kuti bambo akunyumba akusamala. Koma kwa ife amene timadya za thukuta, thupi ndiye khasu, ndiye nkhafi. Likalemera mopitirira, zaka zogwira ntchito zimafupika.

Zimenezi zimaoneka bwino ku Mulanje, komwe abale athu ambiri amapita ndi usipa ndi matemba kukagulitsa pa msika wa Limbuli, kufupi ndi chipata cha Muloza. M'minda ya tiyi ya kumeneko, wotchola amayenda m'malo otsetsereka tsiku lonse, dengu lili kumsana, ndipo zomwe watchola zimapita pa sikelo. Wotereyu sanenepa kawirikawiri. Vuto limayamba munthu akakwera: wakhala kapitawo, mlonda, dalaivala, kapena watsegula benchi pa msika. Kuyenda kwachepa, njinga yamoto yalowa m'malo mwa yakapalasa, koma mbale ya nsima ndi yomwe ija, kuphatikizapo tiyi wa shuga wambiri, mandasi, chipisi ndi zakumwa za m'botolo.

Kunyanja kuno n'chimodzimodzi. Amene ankakoka chilimira ali mnyamata, lero ndi mwini zida, amadikira anyamata ali pansi pa mtengo.

Si nkhani ya azungu okha ayi. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko muno wa 2015-16 adapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali olemera mopitirira muyezo. Wina wa mu 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Kunenepa kwambiri kumakokera matendawa, pamodzi ndi shuga, kupweteka kwa mawondo ndi msana. Mathero ake ena ndi kufa ziwalo.

Nanga penshoni? Lamulo lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2011 lidanena kuti wolemba ntchito aziika ndalama zosachepera 10 pa 100 ya malipiro, wantchito 5 pa 100. Ndalamazi zimakula ndi zaka. Munthu akasiya ntchito ali ndi zaka 52 chifukwa miyendo yakana, pomwe akadafika 60, wataya zaka 8 zosonkha, ndipo kochepa kotsalako kamathera ku mankhwala. Msodzi, mlimi ndi wogulitsa nsomba alibe n'komwe penshoni. Tsiku lomwe thupi lakana, ndalama yaima, katundu wagwera ana.

Chizindikiro china timachiona ku mzikiti: bambo wa zaka 50 zokha akuswali atakhala pa mpando chifukwa mawondo sakulola. Sikuti onse ndi kunenepa, koma ambiri kulemera kwa thupi kumawonjezera ululuwo.

Achipatala ali ndi kawerengedwe kake poona kulemera ndi msinkhu. Mwachitsanzo, munthu wotalika mita 1.60 akafika makilogalamu 77, ameneyo wanenepa mopitirira. Tiyeni tikakwere sikelo ku chipatala, atiyeze BP ndi shuga, tisadikire kugwa kaye.

Mankhwala oyamba tili nawo kale pakhomo. Nsomba yowotcha kapena yophika iposa yokazinga m'mafuta ambiri. Ndiwo zamasamba, nandolo ndi nyemba zichuluke m'mbale, mitanda ya nsima ichepe. Shuga wa mu tiyi timuchepetse pang'onopang'ono, mchere chimodzimodzi. Ulendo waufupi tiyende wapansi. M'mwezi wa Ramadhan, pofutulu tisabwezere zonse zomwe tasala masana, ndipo odwala shuga ayambe aonana ndi adokotala asanayambe kusala.

Inu amayi ophika ndi inu abambo ogula, nkhaniyi ili m'manja mwanu. Ana akufuna fizi, ndipo akudalira mawondo athu omwewa.