Galimoto ya fowilo: werengani kaye zimene imadya

Mlimi aliyense wa kuno ku Mwanza amene anaonapo manachesi ake akuolera pansi pa mtengo kaamba kosowa chonyamulira, amalota tsiku limene adzagule galimoto yakeyake. Ndipo akamalota salota galimoto wamba ayi. Amalota ya fowilo, ija yokoka ndi magudumu onse anayi, monga Toyota Hilux, Land Cruiser kapena Isuzu, imene siopa matope kapena chitunda.

Nanenso ndinalota choncho. Ine ndimalima manachesi cha ku Thambani. M'chaka cha 2023 ndinagulitsa ng'ombe zinayi, nkuphatikiza ndi kandalama kamene tinkasungira sukulu ya ana, ndipo ndinagula Hilux yakale ya dizilo yonyamula tani imodzi. Lero ndikufuna ndikuuzeni, alimi anzanga, zimene galimotoyi yandiphunzitsa, kuti wina asadzagwe m'mbuna imene ine ndinatsala pang'ono kugweramo.

Kabuku ka mayi a kunyumba

Miyezi yoyamba zinthu zinkaoneka ngati zikuyenda. Mavenda ogula zipatso pamunda ndinawaleka, ndinayamba kukagulitsa ndekha ku Limbe pa mtengo wabwino. Koma nyengo ya manachesi ya 2024 itafika pakati, mayi a kunyumba anandikhazika pansi.

"Abambo," anatero, "mukuti tikugulitsa bwino kuposa kale. Nanga bwanji ndalama ya fizi sikukwana? Ikulowera kuti?"

Ndinasowa choyankha. Apo ndi pamene iwo anatulutsa kabuku ka sukulu kamene ankalembamo mwakachetechete ndalama iliyonse yolowa m'galimoto kuyambira tsiku limene inafika pakhomo. Chinasowamo ndi chimodzi chokha, makilomita, ndipo tinayamba kuwalemba sabata yomweyo.

Kudziwa m'mene galimoto ikumwera mafuta nkosavuta. Dzazani thanki mpaka pakamwa, lembani nambala ya makilomita imene ikuoneka patsogolo pa dalaivala. Yendani maulendo anu. Mukadzabwereranso pothira mafuta, dzazaninso mpaka pakamwa, ndipo mugawe makilomita amene mwayenda ndi malita amene alowa. Osadalira kamuvi ka geji, kamanama.

Ife titayesa tinapeza kuti galimoto yathu ikasenza katundu imayenda makilomita 9 pa lita imodzi. Ulendo wochoka pakhomo, kutulukira pa boma, kuwoloka Shire pa Zalewa, kukafika ku Limbe ndi kubwerera ndi makilomita 280. Ndiye kuti malita 31. Nthawi imeneyo dizilo anali pa K2,734 pa lita, mtengo umene bungwe la MERA linalengeza mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Dizilo asanakwere anali pa K1,920. Choncho ulendo umodzi unkadya pafupifupi K85,000 ya mafuta okha. Mitengoyi inakweranso pambuyo pake, ndiye powerengera zanu ikani mtengo wa lero.

Ife a kumalire timadziwa chimene mafuta amakwerera. Timaona ndi maso mathankala ochokera ku doko la Beira atandanda pa chipata cha Mwanza atadutsa ku Tete ndi Zobue. Dziko lathu lilibe nyanja ya mchere, mafuta onse amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ena nkudzera ku Nacala ndi Dar es Salaam. Kwacha ikangogwa, mlimi wa ku Thambani amamva kuwawa pa pampu.

Mafuta ndi gawo chabe

Chimene chinandidzidzimutsa m'kabuku kaja si dizilo ayi, koma zina zija ndinkaziona ngati zazing'ono. Injini yakale ya dizilo imafuna oyilo watsopano ndi fyuluta pa makilomita 5,000 aliwonse, ndipo imalowa oyilo wambiri kuposa galimoto yaing'ono. Matayala a fowilo ndi akuluakulu, mtengo wakenso ndi waukulu, ndipo miyala ya m'misewu yathu ya kumapiri imawadya msanga. Galimoto wamba ili ndi difu imodzi. Ya fowilo ili ndi ziwiri, kuphatikizanso kabokosi ka magiya kogawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, zonsezo zofuna oyilo wake. Onjezani masipuling'i othyoka, mashoko, mabuleki, batire, inshuwalansi, ndi chiphaso cha COF cha ku Road Traffic.

Titaphatikiza tinapeza kuti pa K100 iliyonse yogulira dizilo, K70 ina inkapita ku zinthu zimenezi. Ulendo uja ndinkati ndi wa K85,000 unali wa K144,000, osawerengera tsiku langa lotayika kumunda kapena kutha kwa galimoto yeniyeniyo. Phindu limene ndinkaganiza kuti ndalanda kwa mavenda, lalikulu linkathera mu msewu. Akuluakulu sananame ponena kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kenako mayi anafunsa funso lina: kodi fowiloyo mumaigwiritsa ntchito masiku angati pa chaka? Titakumbukira bwinobwino sanapitirire masiku 25. Ambiri mwa masikuwo anali a Disembala ndi Januwale potuta feteleza, ndi ena ochepa polowa m'minda ya kutsetse. Manachesi amapsa mvula ikamatha, ndipo nyengo yake yaikulu imagwa m'miyezi yozizira pamene misewu yauma. Kuchokera pa boma kukafika ku Blantyre ndi phula lokhalokha. Ndiye kuti chaka chonse ndinkalipira kulemera ndi ludzu la fowilo chifukwa cha masabata atatu kapena anayi okha.

Dizilo wa m'zigubu

Vuto lina ndinadziputira ndekha. Pa nthawi ya kusowa kwa mafuta chakumapeto kwa 2024, nditatopa ndi mizere, ndinagula malita 20 a m'chigubu kwa mnyamata wina m'mbali mwa msewu. Kuno kumalire zigubu sizisowa. Patangopita masabata awiri injini inayamba kutsokomola, kutulutsa utsi woyera ndi kuvuta kuliza m'mawa. Makaniko atatsegula anangopukusa mutu.

"Madala, munathira chiyani umu? Muli madzi, muli palafini. Pampu yatha iyi."

Kukonzetsa pampu ya dizilo ndi manozo ake ku Blantyre kunandidyera ndalama yoposa maulendo atatu a ku Limbe, galimoto nkukhala pa miyala mwezi wathunthu. Dizilo ndi amene amafewetsa zitsulo za m'kati mwa pampu, palafini alibe mphamvu yokwanira yotero. Kumbukiraninso kuti kugulitsa mafuta popanda chiphaso cha MERA nkulakwira lamulo, ndipo kusunga petulo m'nyumba ndi kuitana moto.

Zimene ndinasintha

Galimoto sindinagulitse, koma ndinasintha kagwiritsidwe kake. Choyamba, ndinaleka kuthamangira nayo ku Limbe. Tinagwirizana alimi anayi. Ine ndimatuta manachesi m'minda ya m'makwawa kuwafikitsa pa phula, ndipo apo timabwereka lole ya matani atatu nkugawana mtengo wake. Masamu ake ndi awa: pa makilomita 200 a phula, kupita ndi kubwera, Hilux yanga imamwa malita 22 kunyamula tani imodzi. Lole imene timabwereka imayenda makilomita 6 pa lita, ndiye imamwa malita 33, koma yanyamula matani atatu. Tani iliyonse yadya malita 11, theka la zija ndinkawononga ndekha. Mutu umodzi susenza denga.

Chachiwiri, ndinaphunzira kumasula mahabu. Magalimoto ambiri akale a fowilo ali ndi kachitsulo kozungulira pakati pa gudumu la kutsogolo, kolembedwa kuti Lock ndi Free. Mukasiya pa Lock muli pa phula, magudumu amazunguza difu ndi shafuti za kutsogolo pachabe, mafuta nkumapita. Ikani pa Free, ndipo muzitseka pokhapokha mukalowa pa matope, pa mchenga kapena pa chitunda choterera. Kuyenda pa phula louma giya ili pa 4H kumapotokola zitsulo ndi kupala matayala. Giya ya 4L ndi yamphamvu zedi koma ndi chidakwa, mukangodutsa pamalo povuta ichotseni. Kamodzi pa mwezi tsekani mahabuwo nkuyenda kamtunda pang'ono kuti oyilo azungulire.

Chachitatu ndi phazi. Pakati pa Mwanza ndi Zalewa msewu umakopa kuthamanga, koma galimoto yaitali ngati iyi imalimbana ndi mphepo. Nditatsika kuchoka pa liwiro la 100 kufika pa 80, lita imodzi inayamba kundifikitsa makilomita 10. Mpweya wa m'matayala ndimayeza sabata iliyonse m'mawa matayala asanatenthe, chifukwa tayala lofewa limamwa mafuta ndi kutha m'mbali. Fyuluta ya mpweya ndimaikuntha kawirikawiri m'chilimwe, pakuti ikatsekeka ndi fumbi injini imabanika nkumatulutsa utsi wakuda, ndipo utsi wakudawo ndi ndalama yanu ikuuluka. Zitsulo zosafunika za padenga ndinachotsa. Ndikaima kudikira katundu ndimazimitsa injini.

Chachinayi, sindipanikizanso katundu. Galimoto ya tani imodzi mukaisenzetsa tani ndi theka, ndalama imene mwapulumutsa lero mudzaipereka kwa wowotcherera masipuling'i mawa. Ndipo wobwereka galimoto, kaya ndi wachibale, amalipira pa kilomita, osati kungothira "ya mafuta" basi.

Musanagule

Sindikunena kuti fowilo ndi yoipa ayi. Amene amakhala kumtunda kwa Neno kapena njira ya ku Tsangano, kumene mbatata ya kachewere imachokera, amadziwa kuti nthawi ya dzinja pali malo amene galimoto wamba singadutse. Ngakhale kwathu, tsiku limene mayi woyembekezera wadwala usiku mvula ikugwa, palibe amene amawerengera malita.

Koma ngati cholinga chanu ndi malonda, khalani pansi ndi pensulo kaye. Mudzayenda makilomita angati pa chaka? Mwa amenewo, ndi angati ofunadi magudumu anayi? Dengu lililonse lidzafika pa msika ndi ndalama zingati? Sipeyala wake amapezeka ku Blantyre kapena mpaka aitanitse ku Joni? Ngati munda wanu uli pafupi ndi msewu wabwino, pikiapu wamba kapena kubwereka lole mogwirizana kungakusiyireni phindu lalikulu. Ngati mwasankha fowilo, pitani ndi makaniko wanu akaone ngati ikulowadi, chifukwa ambiri agula yolembedwa 4x4 pakhomo koma shafuti ya kutsogolo inachotsedwa kalekale.

Ife chaka chatha fizi tinalipira pa nthawi yake. Kabuku kaja kanadzaza, tili pa kachiwiri, ndipo kamakhala m'galimoto momwemo pamodzi ndi cholembera. Makiyi ndimasunga ndine, koma kabuku amasunga ndi mayi.