Kodi Mphamvu za Thupi Ndizo Zipambanitsa pa Basketball?

Ambiri a ife tiganiza kuti mnyamata wa minofu ikuluikulu ndiye katswiri pa masewera ali onse. Ine ndifuna kulongosola za mpira wa basketball m'makoleji a ku America, kuti tione ngati ganizo limeneli lili loona.

Masewerawa anawayambitsa James Naismith ku Springfield m'chaka cha 1891. Anyamata a m'makoleji amasewera mphindi 40 zogawidwa pawiri, ndipo chitsulo chogoletsera chili mamita 3.05 kuchokera pansi. Motero wosewera ayenera kukhala waliwiro, wodziwa kudumpha, ndiponso wosafulumira kutha mpweya. Chifukwa cha ichi aphunzitsi a mpira amayesa matupi a osewera. Amaona pamene munthu afika akadumpha, amawerenga masekondi amene atha podutsa pabwalo, amamthamangitsa cham'mbali ndi cham'mbuyo, ndiponso amamnyamulitsa chitsulo cholemera atagona chagada. Kwa mnyamata wofuna kulembedwa ntchito ndi timu yaikulu ya NBA, tsiku la mayesowa si lamasewera ayi.

Tsono tamvani za Kevin Durant wa pa University of Texas. M'chaka chake choyamba iye anali kugoletsa mapointi oposa 25 pa masewero ali onse tikawerengera pamodzi, ndipo mu 2007 analandira mphoto ya Naismith, imene wophunzira wa chaka choyamba anali asanailandirepo. Koma pa mayeso a chaka chomwecho analephera kukweza chitsulo cha makilogalamu 84 ngakhale kamodzi. Anthu anamseka nati ngwofooka. Komabe timu ya ku Seattle inamtenga, ndipo mu 2014 anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse mu NBA.

Nanga mayeso aja ananama kodi? Iai, ananena zoona za chifuwa ndi mikono yake, koma mpira saponya ndi chifuwa. Pa mayeso munthu ali yekha, adziwiratu chimene ati achite, ndipo palibe womtchinga. Pabwalo pali adani asanu. Ayenera kuona mnzake amene ali pabwino, kunyenga womlonda, ndi kulunjika dzanja pamene miyendo yatopa. Zimenezi wotchi siingaziyese. Winanso akhoza kupambana mayeso onse koma osadziwa kopereka mpira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindinena kuti mayeso ngachabe. Amasonyeza mphunzitsi pamene wosewera ali wofooka, ndipo munthu akavulala bondo amathandiza kuona ngati mwendowo wabwerera mwakale asanalowenso m'bwalo. Ntchito yake yabwino ndiyo kuyerekeza munthu ndi m'mene iye mwini analili mwezi watha.

Choncho, anzanga, tilimbitse matupi athu, koma posankha timu tiyambe taona munthu ali ndi mpira m'manja.