Khirisimasi pa khomo la agalu a uzimba ku Vubwi

Ku Vubwi Khirisimasi imafika chimanga chili m'mawondo, anthu ali kalikiliki kupalira, nkhokwe zambiri zitayamba kuonetsa pansi. Ndi nyengo ya matope, ya mango ogwa okha ndi bowa wa m'mapiri a kumalire a Malawi ndi Mozambique. Boma limeneli linapatulidwa ku Chadiza mu 2012, ndipo m'dziko la Mfumu Pembamoyo limeneli ndi m'mene muli mudzi wa amalume anga, eni agalu asanu ndi mmodzi.

Agalu awo ndi a uzimba, opyapyala m'chiuno, makutu ali tcheru nthawi zonse. M'chilimwe, tchire likapsa, amapirikitsa akalulu ndi nchenzi. Chimanga chikakhwima amagona ku dindiro kuingitsa anyani. Koma December ndi mwezi wawo wa njala. Udzu watalika, mvula ikukokolola fungo la nyama, ndipo gaga amene amaphikira nsima yawo wachepa chifukwa anthu nawonso ayamba kumuyang'ana. Nthiti zimachita kuwerengeka.

Galu kwathu satchulidwa dzina wamba. Wamkulu pa onse ndi Adzalema, ndipo alipo Zaanthu ndi Tilipano. Amalume akaitana madzulo, mnansi amene anawanena pa mowa amamva yekha kuti mawuwo akupita kwa yani.

Usiku wa pa 24, banja limagawikana. Ena amapita ku Misa, ena ku mapemphero a mpingo wa RCZ, amalume amatsala. Masiku amenewa akuba mbuzi sagona, choncho agalu amachezera pa khola kulondera tonde yemwe aphedwe m'mawa. Kukacha, tondeyo amam'phera pansi pa mtengo wa mango, agalu atazungulira chapatali, malovu ali chuchuchu. Palibe amene amasendera. Amadziwa mwambo wa pa khomo pano: mphika usanakhale pa mafuwa, gawo lawo limayamba lachotsedwa. Mapapo, matumbo ena ndi zodula za m'mbali zimaikidwa m'phale, ndipo woyamba kudya ndi Adzalema, wamkota uja amene sakandira pachabe.

Kenaka pakati pa amalume ndi azakhali pamabuka nkhani yomwe ndaimva chaka ndi chaka.

"Anaphiri, agaluwa lero muwaphikire nsima ya ufa woyera."

"Ufa woyera, a Banda? Mwezi uno? Kodi m'nkhokwemo mwasuzumiramo?"

"Chimanga chimenecho anachilondera ndani?"

Azakhali amang'ung'udza, komabe amavundula. Nsimayo ikapola amaitsira msuzi wa mbuzi, ndipo adzukulu amalimbirana kukapereka, aliyense kwa galu wake. Ine ndili kumbali ya amalume. Chiweto chomwe chagona pa mame miyezi iwiri kuti banja likolole chiyenera kulawa zokololazo tsiku limene tonse tikudya mpunga ndi nkhuku. Mafupa a nkhuku yophika okha ndi amene amalume amaletsa. Amathetheka ngati minga, ndipo galu wawo wina anafa nawo atam'baya pa khosi.

Chaka china msuweni wathu wochokera ku Lusaka anaonetsa amalume pa foni agalu a ku Alaska akukoka ngolo yopanda matayala pa chipale chofewa. Anafotokoza za mpikisano wa Iditarod, womwe unayamba mu 1973, wa ulendo wa makilomita pafupifupi 1,600 kuchokera ku Anchorage kukafika ku Nome, ndiponso za agalu amene mu 1925 anathamangitsa mankhwala kupita ku Nome komweko matenda a pa khosi atagwira ana. Amalume anayang'anitsitsa nthawi yaitali. Funso lawo linali limodzi: "Nanga amadya chiyani?" Atamva kuti nsomba ndi nyama yamafuta, anagwedeza mutu n'kunena kuti eni akewo akudziwa kusunga wantchito.

Masana mudzi umasanduka wina. Wailesi zikulira, thobwa lili m'ndowa, ana avala zatsopano, alendo akudutsa m'tinjira ta kumalire kudzaona abale. Agalu akhuta ndipo agona pa mthunzi wa nkhokwe. Pa Nyuwere anyamata akayamba kuphulitsa makombola, amalume amatsekera agaluwo m'khitchini kuti asathawire ku tchire.

Chimene chimandidetsa nkhawa masiku amenewa ndi agalu achilendo. Fungo la nyama limawakoka kuchokera m'midzi yakutali, amalumana ndi a pa khomo, ndipo ana ali pakati pomwepo ndi fupa m'manja. Chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro pa munthu, palibe mankhwala ochiza. Amalume amabayitsa agalu awo katemera chaka chilichonse a vetenale akabwera, ndipo makadi ake amawasunga m'chikwama chimodzi ndi chitupa chawo. Makomo ambiri satero.

Inu amene muli ndi agalu ku Vubwi, ku Sinda kapena ku Katete, abayitseni katemera Khirisimasi isanafike. Mwana akalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo mupite naye ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale nyama ili pa moto.